Yankho kwa amalume pa za nsomba ya mlomo wautali ija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva uthenga wanu, mukufunsa kuti nsomba ija mwaiona pavidiyo, yoti mudzi wonse ungadye, asodzi anaibwezeranji m'madzi. Ee, funso labwino, ndiyankhe pang'onopang'ono.

Dzina lake ndi marlin. M'nyanja yathu mulibe, ndi ya m'nyanja yamchere, kuno ku Sodwana Bay ku South Africa, ndi uko ku Bazaruto ku Mozambique. Chosongoka chija si nyanga ayi, ndi chibwano chake cham'mwamba. Ikalowa pakati pa nsomba zazing'ono imapukusa mutu n'kuzimenya nacho, kenako n'kubwerera kudzatola zovulalazo.

Tsono nkhani ili apa, amalume. Zikuluzikulu zonse, ngati ija mwaiona pavidiyo, ndi zazikazi. Yaimuna siikula kwambiri, ya mtundu wa blue marlin kawirikawiri siipitirira makilogalamu 160. Yaikazi imadutsa 500. Mu 1953 ku Cabo Blanco, ku Peru, munthu wina anawedza black marlin yoposa makilogalamu 700. Yaikazi imodzi imaikira mazira mamiliyoni, ndipo ikamakula mazirawo amachulukirachulukira. Ndiye mukapha yaikulu, mwapha make wa nsomba. Inu mukudziwa bwino, si paja nyanja imatsekedwa nthawi yoti chambo chiswane? Maganizo ake ndi omwewo.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi zombo zikuluzikulu zija. Zimatchera chingwe chotalika makilomita ambirimbiri, mbedza mazanamazana, zikufuna nsomba zotchedwa tuna. Marlin imangokodwa nawo, ndipo zambiri pofika pokoka chingwe zimakhala zitafa kale. N'chifukwa chake bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika blue marlin m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo.

Kubweza kuja sikungoitaya ayi. Amagwiritsa ntchito mbedza yopindikira mkati, imene imakola pakona pa kamwa osati m'mimba. Nsomba ikafika pambali pa boti, amaibaya kachizindikiro ka nambala pamsana kuti ikadzagwidwanso kwina adziwe kumene yayenda. Kenako mmodzi amaigwira mlomo uja, boti likuyenda pang'onopang'ono, madzi azilowa m'kamwa kuti ipume. Mumaona mtundu wake ukubwerera, mchira wayamba kugwedezeka, basi mwaitaya. Ine tsiku loyamba kuona zimenezi thupi linachita tsemwe.

Mupereke moni kwa azakhali, ndiimba Lamulungu madzulo.