Yezetsani madzi makina asanafike

Bambo, mwati kampani ikufuna kubowola gasi pafupi ndi munda wanu, ndiye mukuopa kuti mjigo umene mumamwa ndi kuthirira uwonongeka. Musadikire kuti madzi asinthe fungo. Yezetsani panopa. Pa mikangano yotere kampani imakonda kunena kuti methane anali m'madzimo chikhalire, ndipo nthawi zina imanena zoona, chifukwa gasi ameneyu amapezeka mwachilengedwe m'zitsime zambiri. Mlimi wopanda pepala la labotale la nthawi imene asanabowole amasowa pogwira.

Labotale musankhe nokha, yovomerezeka, ndipo anthu ake abwere adzatunge okha, kuti mawa wina asadzanene kuti munathiramo kanthu. Ayeze methane, michere ndi zitsulo monga chloride, barium, strontium ndi bromide, benzene (mankhwala apoizoni opezeka m'mafuta) ndi kuchuluka kwa mchere wonse. Apope kaye mpaka madzi ogona m'paipi atuluke, atunge madzi asanadutse pa sefa. Timabotolo ta benzene, ta 40 ml, tidzaze mpaka pakamwa popanda kampweya ngakhale kamodzi, tisungidwe pozizira, pafupifupi madigiri 4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: benzene amathawira mu kampweyako, zotsatira n'kuoneka zoyera. Yezani kawiri, dzinja ndi chilimwe. Lembaninso masekondi amene ndowa ya malita 20 imatenga kuti idzaze, chifukwa kuphwa kwa mjigo nako ndi mlandu.

Mwala wa gasi nthawi zambiri umakhala kupitirira kilomita imodzi pansi, kutali ndi madzi anu. Choopsa kwenikweni ndi simenti yozungulira paipi ya chitsime cha gasi. Ikakhala ndi ming'alu kapena mipata, gasi amakwera kunja kwa paipiyo n'kulowa m'madzi akumwa. Choncho funsani ngati paipi yoteteza idzadutsa pansi pa madzi onse abwino, ngati simenti yake idzafika pamwamba penipeni, ndipo pemphani lipoti la kuyeza simentiyo. China ndi madzi obwerera kuchokera pansi kudzera m'chitsime cha gasi, amene m'malo ena amakhala amchere kangapo kuposa a m'nyanja ya mchere. Pulasitiki wa dziwe losungiramo akang'ambika, nthaka imafa, ziweto zimamwa.

Ku Dimock, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, chitsime cha madzi cha pakhomo pena chinaphulika mu 2009 chifukwa cha methane. Kampani yobowola gasi kumeneko inadzavomera mu 2022 kulipira pafupifupi madola 16 miliyoni okokera madzi a m'mapaipi. Zaka 13! Lamulo la 2012 la kumeneko limati madzi akaipa mkati mwa mamita pafupifupi 760 kuchokera pa chitsime cha gasi ndi miyezi 12 chibowolereni, kampani ndiyo iyenera kutsimikizira kuti si iyo yawononga. Ngati kwanu kulibe lamulo lotere, mfundo imeneyi ilowe mu mgwirizano wanu ndi kampani, pamodzi ndi yoti adzakupatsani madzi a ziweto ndi a mthirira, osati akumwa okha. Pepala lililonse loletsa kuyankhula poyera loya aliwerenge musanasaine.

Akayamba ntchito, mvetserani mpopi. Ukamalavula mpweya, madzi n'kumachita thovu ngati zakumwa za m'botolo, musayese ndi machesi ngati mmene amachitira m'mavidiyo. Methane amaphulika akafika 5 mpaka 15 peresenti mu mpweya. Akapitirira mamiligalamu (mg) 10 pa lita ya madzi yezani pafupipafupi. Akafika 28 mg ikani paipi yotulutsira mpweya pa mjigo, tsegulani mawindo, ndipo lemberani kalata bungwe la boma loona za madzi tsiku lomwelo, kope musunge.