Tikukangana pa mphatso ya mwana wathu

Okondedwa Azakhali,

Mwana wathu wamkazi akukwanitsa zaka 25 mwezi wamawa ndipo wangoyamba kumene ntchito ya unamwino. Ndatolera K200,000 kubanki mkhonde ndipo ndikufuna kumugulira masheya kuti mphatso yake ikhale yokhalitsa. Bambo ake akuti tigule mbuzi tikasungitse kwa achimwene awo kumudzi, ndipo ngati ndikakamira masheyawo, alembedwe m'dzina lawo chifukwa mwana wamkazi akakwatiwa chuma chake chimapita kwa mwamuna. Nkhaniyi yatidanitsa m'nyumba. Ndichite chiyani?

Mayi wa ku Zomba

Mayi,

Poyamba dziwani kuti inu ndi bambo mukugwirizana pa mfundo yaikulu, yoti ndalama isangogona. Tonse tinaona momwe kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira n'kukwera nthawi yomweyo, kotero kuti ndalama yosungidwa m'chikwama lero imagula zochepa chaka chamawa.

Mbuzi si zoipa, pakuti zimaswana msanga ndipo sizivuta kugulitsa. Vuto lili pa kusungitsa. Makalata ambiri amene ndimalandira okhudza ziweto zosungitsa kwa abale amathera pa mawu amodzimodzi: yafa, yabedwa, kapena tinaipha pamaliro. Woweta nayenso amayembekezera gawo lake, ndipo akulondola, chifukwa ndiye amene amadzuka m'mawa kukatsekula khola ndi kulipira mbuzi zikadya chimanga cha eni. Mwana amene ali pantchito m'tauni sangathe kulondoloza zimenezi, ndipo sangayerekeze kufunsa atate ake aakulu kuti mbuzi zake zilipo zingati.

Masheya amagulidwa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre kudzera kwa mabuloka ovomerezeka, amene amagula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu, ndipo pamsikawu pali makampani amene mwana wanu amawadziwa kale, monga National Bank, Illovo, Airtel, TNM ndi NICO. Amene ali ndi masheya amalandira gawo la phindu kampani ikaganiza zogawa, komanso amapindula mtengo wa masheyawo ukakwera. Koma mumuuze poyera kuti mtengo umatha kutsikanso, ndiponso kuti chaka china kampani ikhoza kusagawa kanthu, choncho imeneyi ndi ndalama yoti aiiwale kwa zaka zingapo. Mufunse buloka za ndalama imene amadula pogula ndi pogulitsa musanapereke chilichonse.

Pa nkhani ya dzina ndiye sindikugwirizana nawo bambo ngakhale pang'ono. Chinthu cholembedwa m'dzina la bambo ndi cha bambo, ngakhale pakamwa atanena kuti ndi cha mwana. Tsiku limene Mulungu adzawaitane, masheyawo adzalowa m'chuma cha masiye, ndipo mwana wanu adzayenera kudikira limodzi ndi ena onse ofuna gawo, mwinanso kulimbana nawo pa chinthu chimene inu munamugulira ndi thukuta lanu. Mantha awo okhudza mkamwini ndikuwamvetsa, koma Gawo 24 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa mayi aliyense ufulu wokhala ndi chuma payekha, kaya ndi wokwatiwa kapena ayi. Masheya olembedwa m'dzina lake sangagulitsidwe iye mwini asanavomereze, zomwe ndi chitetezo choposa cha mbuzi ili m'khola la munthu wina.

Musawalankhule bambo ngati mwapambana mlandu. Sankhani nthawi imene mitima ili pansi, muwauze kuti mwamva nkhawa yawo, kenako muwapemphe kuti mphatsoyi ichokere kwa nonse awiri ndipo iwo ndiwo akaipereke. Ngati mtima wawo uli pa mbuzi, akhoza kugula imodzi ndi ndalama yawo, zimenezo sizisokoneza kanthu.

Mwanayo mumuuziretu, chifukwa akaunti ya masheya imafuna chiphaso chake cha unzika ndi siginecha yake, kotero simungaitsekule mwachinsinsi. Mumulole asankhe yekha kampani atamva uphungu wa buloka, ndipo ngati atanena kuti ali ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu imene ikumusowetsa tulo, mumulole ayambe wabweza imeneyo, masheya adzagula ikatha.

Azakhali