Za kalavani ija, ndi za amalume ku Batoka

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumvera kawiri. Ukufunsa ngati galimoto yako ingakoke kalavani ya 1,200 kg kuchoka ku Johannesburg mpaka ku Livingstone. Iwe amene kupita ku Pretoria kokha umanyamula kamba wa masiku awiri, lero ukufuna kuwoloka maboda awiri nyumba ili kumbuyo? Chabwino, ndiyankha, komatu ine ndaona kale kumene nkhaniyi ikulowera.

Yamba ndi laisensi. Ngati ndi Code B, ku South Africa kumeneko umaloledwa ngolo yosapitirira 750 kg. Ya 1,200 ikufuna EB. Ndipo usamvere nambala ya pakamwa pa wogulitsa, werenga kachitsulo kokhomedwa pa kalavanipo, pamene alemba GVM, ndiko kulemera kwake itadzaza. Nambala imeneyo isapose Tare ya pa disiki ya galimoto yako, ndiko kulemera kwa galimotoyo yopanda katundu, isaposenso zimene buku la galimoto likulola. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki usadzaze ponyamuka, ukatunga kofikira. Zolemera zonse pansi, pamwamba pa matayala, pang'ono chakutsogolo. Tenga sikelo ya kubafa, imika kathabwa pakati pa sikelo ndi pokolekera pa kalavani paja, pawerenge 70 kapena 80 kg, pasapose 100. Kumbuyo kukalemera, thiraki ikangokudutsa kalavani imayamba kupukusa mchira. Zikatero osaponda buleki mwamphamvu, osalimbana ndi chiwongolero, chigwire chowongoka, chotsa phazi pa moto, imakhazikika yokha.

Zoika kulemera kutsogolozi... aaa, mphunzitsi wake ndi amalume, bambo akowo. Iwe unali kwa amayi ako nthawi imeneyo, nkhanizi tinkamva ndife a mbumba akabwera pa tchuthi. Mabwato a mphira pa Zambezi anayamba mu 1981, iwo analowa patapita zaka zingapo, ndipo sanayambe ndi nkhafi ayi. Anayamba ndi kusenza. Bwato likafika pothera ulendo amaliphwetsa, kulikulunga, munthu n'kuliika paphewa kutuluka nalo m'phompho la Batoka, chitunda choimirira, pa makwerero a mitengo yomangirira. Alendo akukwawa ndi manja atangonyamula nkhafi imodzi ndi chipewa, iwo akuwapitirira ndi katundu wolemera kuposa thumba la chimanga. Bondo likuwavutali linayambira pamenepo, osati pa njinga ija azakhali ako amanena.

Kenako anaphunzira kusambira m'madzi othamanga, kenako anawapatsa nkhafi ziwiri zazitali zija, kukhala pakati pa bwato. Malo aukali onse a mumtsinjemo ali ndi manambala. Nambala 1 ndi pa Boiling Pot, kunsi kwenikweni kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), mlatho wa 1905 uja uli pamwamba pako. Pa 9 amati Commercial Suicide, alendo sadutsapo, onse amatsika n'kuyenda pa miyala, bwato limadutsa lopanda anthu. Amalume ankati madzi amawerengedwa. Pomwe mtsinje ukupanikizika pakati pa miyala pamaoneka lilime losalala, mphuno ya bwato umalozetsa pamenepo. Anthu awiri a matupi amakhala kutsogolo kuti mphunoyo iboole funde, ikapepuka bwato limaimirira n'kugwa chagada. Likapendekeka cham'mbali, onse alumphire mbali imene yakwera, osati imene yamira, ngakhale thupi limakuuza zosiyana.

Nkhani yawo yaikulu inali ya pa 18, pa Oblivion. Pamenepo pali mafunde atatu otsatizana, lachitatu ndi limene limagubuduza mabwato. Tsiku limenelo anali ndi anthu 8... iyayi, dikira, 7, wa 8 anali iwowo. Bwato linavundikirika. Anakwera pamimba pake, ndipo asanagwire chingwe chilichonse anayamba kuwerenga zipewa zoyandama. Zinakwana 6. Anawerenganso, 6 yomweyo. Anamenya ndi chikhatho pamimba pa bwato, pha pha pha, kenako anamva wina akubwezera kuchokera pansi. Mayi wina anali mkati muja momwe mumatsalira mpweya, atakakamira chubu chapakati, wakana kuchisiya. Analowa pansipo, kumugwira pa mapewa a jekete, kumukokera kunja. Ndiye anakweranso, kukoleka chingwe chawo cha m'chiuno ku chingwe chozungulira bwato, kuima mbali inayo, kudziponya chagada, bwato n'kutembenuka. Pofotokoza ankaimirira n'kumadziponyadi chagada pa mkeka, agogo akukuwa kuti athyola msana. Ndipo nthawi zonse ankamalizira pa lamulo lomwelija: ukagwa, gona chagada, mapazi kutsogolo komanso pamwamba, osayesa kuima, chifukwa phazi likakanirira m'miyala madzi amakukanikizira pansi.

Ndiye paja mlongo wako anaponya kavidiyo muno mwezi watha, mdala ali pakhonde, ndodo yawo m'manja, akupalasa mpweya uku akutchula manambala mpaka 18. Patangopita masiku atatu iwe wayamba kufunsa za makalavani. Msuweni, funso lako si la makilogalamu. Ukufunsa ngati bambo angapirire ulendo wokaonanso mtsinje wawo. Angapirire. Atenge, koma ulendowu ukhale wa masiku anayi, osati awiri.

Ngati umaganiza zoti azigona m'kalavani ikuyenda, zimenezo chotsa. Lamulo sililola, mulibemo malamba, ndipo mumagwedezeka kuposa momwe ukuganizira. Akhale kutsogolo m'galimoto, mpando ubwezedwe kumbuyo kuti bondo litambasuke. Liwiro 80 kapena 90. Maola awiri aliwonse uime, iwo ayendeko pang'ono, iwe uzungulire kalavani n'kuika dzanja pakati pa wilo lililonse. Kufunda ndi bwino. Kukawotcha dzanja ndiye kuti bering'i yauma girizi kapena buleki yagwira, usapitirize. Matayala usawakhulupirire chifukwa mano akuoneka, a kalavani amakalamba ataima. Pambali pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Akapitirira zaka zisanu, sintha, pamodzi ndi la sipeya.

Tsiku loyamba ugone pafupi ndi boda ya Groblersbrug yolowera ku Botswana, m'mawa uwoloke mzere wa mathiraki usanatalike. Tsiku lachiwiri Francistown. Tsiku lachitatu... mmm, ukhoza kufika Nata masana n'kungopuma, n'kwabwino kutero, chifukwa kuchoka pa Nata kukafika Kazungula ndi pafupifupi makilomita 300 a tchire, njovu zimayenda mumsewu momwemo. Thira mafuta pa Nata, nyamuka kutacha, usiku ayi. Pa Kazungula, boda yolowera ku Zambia, pali mlatho tsopano kuyambira 2021, za pantoni zija zinatha, ukawoloka Livingstone ndi makilomita ngati 70. Kalavani ili ndi mapepala akeake, ukhale nawo, ndipo ngati galimoto ikadali ya ngongole tenga kalata ya ku banki. Nyama yaiwisi usadzaze m'filiji, m'Botswana muli mageti a zaziweto, akhoza kukulanda.

Moyo wa tsiku ndi tsiku m'menemo umakoma kapena kuipa ndi nthawi yofikira. Fika 3 koloko dzuwa likadalipo. Sankha malo a mthunzi oyandikira zimbudzi. Usanamasule ku galimoto, wongola mbali ndi mbali poika thabwa pansi pa tayala lotsika, tsekereza matayala, kenako masula, wongola kutsogolo ndi kumbuyo ndi kawilo kakang'ono ka kutsogolo kwa kalavani kaja. Miyendo inayi ya m'makona utsitse pomaliza, ingogunda pansi, si majeki, ukainyamulitsa imapindika. Ikapendekeka, filiji ya gasi sizizira, mankhwala a mdala n'kufunda. Magetsi m'malo ogona amenewa amafuna pulagi yabuluu ija, ugule ndi chingwe chachitali. Gasi utseke pa botolo nthawi zonse musananyamuke, komanso osagona mbaula ikuyaka mkati. Bedi la pafupi ndi chitseko likhale lawo, kasitepe kolimba pakhomo, tochi pamutu pa bedi, ndowa yovundikira ya usiku. Neti ndi mankhwala oteteza malungo musaiwale, kumtsinje kuja udzudzu ulipo. Iwe ndi kuliza mkonono kwako kuja ugone mu tenti ya panja, mdala apume.

Mwezi wake ndi September. Kuyambira August madzi amakhala atatsika, mabwato amayambira pa Boiling Pot pomwe, ndiye munthu ataima pamlatho wa 1905 uja amawaona akulowa. Kachiphaso koyendera pamlatho mumatenga pa boda ya Zambia pomwepo. October kumatentha koopsa, ndipo cha mu April ndi May madzi akasefukira mabwato amaima kaye. M'phompho asatsike, ngakhale akakamire bwanji, kutsika ndi kumene kumapha bondo. Aimirire pamwamba aziloza okha lilime lawo lija.

Ndiye ndi zimenezo, kalavani ya 1,200 kapena yaing'ono pang'ono, zilibe kanthu bola manambala agwirizane, chachikulu bambo apite, ndipo muyende pang'onopang'ono, masiku anayi. Usanagule, bwereka ya hayala Loweruka limodzi, mukagone nawo pafupi pomwepo, uone momwe akukwerera sitepe ndi momwe akudzukira m'mawa.

Wamva msuweni? Atenge mdalayo, September ameneyu, masiku anayi. Unditumizire chithunzi cha kachitsulo ka GVM kaja, disiki ya galimoto, ndi manambala a pa matayala onse atatu, ndiziwerengere usanalipire kanthu.