Mnzanga anati 2♣, ine ndinapasa: ndinalakwa pati?

Funso: Ndayamba kumene kusewera bridge, masewera a makhadi a anthu anayi osewera awiriawiri. Tsiku lina ndinali ndi mapointi 16 (owerengera makhadi akuluakulu), makhadi ogawanika bwino, ndiye ndinatsegula ndi 1NT (NT ndiye kuti tisewere popanda trump, mtundu wa makhadi wodula mitundu ina yonse). Mnzanga anati 2♣, ine n'kupasa (kuvomera kuti tisewere 2♣ yomweyo) poganiza kuti ma clubs ndiwo wadzaza nawo m'manja. Pamapeto pake ndinaona kuti anali nawo awiri okha, ndipo tinagwa. Ndinalakwa pati? — Wophunzira

Yankho: Pepani kwambiri, koma 2♣ imeneyo sapasa. Mnzanuyo sankanena za ma clubs ayi, ankakufunsani funso: "Kodi muli ndi ma hearts anayi kapena ma spades anayi?" Njirayi imatchedwa Stayman, potengera dzina la Sam Stayman wa ku America, amene anaifalitsa mu 1945.

Mukanayankha 2♥ kapena 2♠ malinga ndi zomwe munali nazo. Zonse zikakhalapo, yambani ndi 2♥. Zikasowa, nenani 2♦.

Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti imapeza ma trump 8 obisika, anayi kwa inu, anayi kwa mnzanu. Taganizani muli ndi ma diamonds awiri okha, esi ndi 5. Mu 3NT, esi ikangochoka, adani amangokolola ma diamonds awo inu mukuyang'ana. Mu 4♥, diamond yachitatu mumaidula ndi heart yaing'ono, ngakhale 2 yeniyeniyo, trick (makhadi anayi oponyedwa ulendo umenewo) n'kukhala yanu.

Kumbukiraninso kuti mnzanu pofunsa chonchi kawirikawiri amakhala ndi mapointi 8 kapena kuposa. Mukawaphatikiza ndi 16 anuwo, mwatsala pang'ono kufika pa 25 ofunika pa game, monga 3NT kapena 4♥.