Kwa mng'ono wanga wa ku Kalingalinga amene akuti akulowetsa ziwanda m'nyumba

Imelo yako yakhala m'foni yanga masiku anayi. Ndimaitsegula m'minibasi pochoka ku Matero kuno ku Lusaka m'mawa, n'kuitsekanso ndisanafike m'tauni, chifukwa inandikhudza pamalo pamene sindimafuna kukhudzidwa. Wati umakonda mafilimu oopsa aang'onoang'ono aja osatchuka, anzako amakuseka kuti ukuonera zinyalala zopangidwa ndi anthu opanda ndalama, ndipo amayi ako akuti ukulowetsa ziwanda m'nyumba. Ukufunsa ngati pali cholakwika ndi iwe, komanso kuti uyambire pa filimu iti.

Mawu a amayi akowo ine ndinawamva ndili ndi zaka 12, kuchokera kwa amayi anga. Nthawi imeneyo kuseri kwa msika kunali kanyumba kamalata koonetsera mavidiyo. Munali mabenchi asanu, TV imodzi pamwamba pa kabati, ndi mkulu wina amene ankabweza tepi ndi bolopeni kuti makina asatope. Ndinkasunga ndalama ya vitumbuwa kuti ndilowe. Anzanga ankadikira za karate, ine ndinkadikira za ku Nigeria zija zimene zinasefukira pambuyo pa Living in Bondage ya mu 1992, za munthu wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, kenako mzimu wa mkaziyo osamupatsa tulo. Chithunzi chinkanjenjemera, mawu ankabwera mochedwa kuposa milomo, koma m'kanyumba muja munkangoti zii, ngakhale wotafuna nzimbe ankasiya. Tsiku lina amayi anandipeza ndikutuluka. Sanandimenye. Anandigwira dzanja mpaka kunyumba, nandiuza kuti maso ndi khomo, ndipo chimene walowetsa sichituluka chokha. Usiku umenewo anandipempherera atagwira mutu wanga.

Sindinawaseke nthawi imeneyo, ndipo sindikuwaseka lero. Iwenso usawaseke amayi ako. Amaopa chifukwa amakukonda.

Koma chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti amayi omwewo ankatitumiza kumudzi ku Katete nthawi ya tchuthi, kumene agogo anga akazi ankatikhazika pamoto usiku n'kuyamba "Padangokhala," ife n'kumati "Tili tonse." Ndipo zimene zinkatsatira pamenepo zinali zoopsa kuposa tepi iliyonse ya ku Matero. Fisi wosanduka mnyamata wokongola kudzafunsira mtsikana wonyada. Mwana wosamvera wopita kumtsinje dzuwa litalowa. Agogo analibe kamera, analibe nyimbo. Ankangotsitsa mawu, n'kukhala chete kanthawi, n'kuyang'ana kumdima kumbuyo kwathu ngati aonako kanthu. Tonse tinkasunthira pafupi ndi moto, thupi lili tsembwe. Kupita kukataya madzi usiku umenewo kunkafunika anthu atatu.

Ndiye anzako akamati filimu yopanda ndalama ndi zinyalala, ine ndimakana ndithu, ndipo ndikamakula ndikukana kwambiri. Mantha safuna ndalama. Ndinganenenso kuti ndalama zambiri zimawononga mantha. Wopanga filimu akakhala ndi mamiliyoni amafuna kuti uone pamene ndalamazo zapita, ndiye amakuonetsa chilombo chonse chopangidwa pa kompyuta, mano ndi zikhadabo, kenako amakudzidzimutsa ndi phokoso lalikulu. Umalumpha pampando, inde, koma ukafika pakhomo la sinema waiwala kale. Wopanda ndalama sangakwanitse chilombo. Amakuonetsa chitseko chotseguka pang'ono, n'kukusiya kuti chilombocho uchipange wekha m'mutu mwako, ndipo chimene wapanga wekha umapita nacho kunyumba. Imeneyo ndi njira ya agogo anga yeniyeni.

George Romero anachita zimenezi mu 1968 ndi Night of the Living Dead. Anaijambula ndi anzake kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh ku America, ya black and white, ndi ndalama pafupifupi madola 114,000. Pafupifupi nkhani yonse ili m'nyumba imodzi ya pafamu, anthu osadziwana atadzitsekeramo, akufa akugogoda panja. Munthu woganiza bwino m'nyumbamo ndi wakuda, woseweredwa ndi Duane Jones, ndipo filimuyo inatuluka m'chaka chomwe Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anaphedwa. Ukaionera uzayang'ane bwino kuti choopsa chenicheni chili panja kapena m'kati, pakati pa anthu okanika kugwirizana. Mapeto ake sindikuuza, koma ine anandikhalitsa pansi nthawi yaitali.

Tsopano ndikuuze chimene chinachedwetsa yankho langa. Amayi anga anamwalira zaka zingapo zapitazo. Maliro tinachita bwino, anthu anabwera, makwaya anaimba, ine ndinathamanga ndi za bokosi, za transipoti, za nkhuni ndi ufa. Sindinalire. Aliyense ankati ndine wolimba mtima. Patapita miyezi, usiku wina magetsi atazima, ndinatsegula laputopu imene inali ndi batire la maola awiri n'kuika filimu ya ku Australia yotchedwa Lake Mungo, ya mu 2008, ya Joel Anderson. Ndinkafuna chongondiopseza kuti nthawi ipite. Filimuyo inapangidwa ngati pologalamu ya zochitika zenizeni: mtsikana wa zaka 16 wamira padamu, ndipo bambo, mayi ndi mlongo wake akhala kutsogolo kwa kamera kufotokoza. Palibe magazi, palibe wokuwa. Pali zithunzi chabe za kuseri kwa nyumba, kamera n'kumayandikira pang'onopang'ono pakona ina ya chithunzi pamene pakuoneka ngati paima munthu. Pang'onopang'ono banjalo likuzindikira kuti mwana amene ankagona chipinda choyandikana nacho silinkamudziwa.

Itatha ndinatenga foni n'kuyamba kuyang'ana zithunzi za amayi. Pali china chimene ndinajambula pa Khirisimasi, ana akusewera pabwalo, amayi ali kumbuyo pakhonde osadziwa kuti ali m'chithunzi, atagwira tsaya, akuyang'ana kumbali. Ndinachikulitsa ndi zala mpaka nkhope yawo inasanduka timadontho. Kodi ankaganiza chiyani? Sindinawafunsepo. Ndinalira usiku umenewo mpaka magetsi anabwera m'bandakucha. Chimene kwaya ndi abusa ndi achibale sanathe kutsegula chinatsegulidwa ndi filimu ya chipuku imene anthu ambiri sanaimvepo n'komwe.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamati mafilimu amenewa ndi a ana kapena a anthu osokonezeka mutu. Abwino mwa iwo amanena zimene pabanja sitinena. Tenga His House ya mu 2020, ya Remi Weekes. Mwamuna ndi mkazi wake athawa nkhondo ku South Sudan, awoloka nyanja pa boti, apatsidwa nyumba yakutha ku England n'kuuzidwa kuti asachokemo. Usiku m'makoma mukumveka mawu. Mkazi akuti ndi apeth, mfiti ya usiku ya kwawo kwa a Dinka, yawatsatira kudzatenga ngongole. Mwamuna akuti tiiwale, tidye ndi foloko, tikhale ngati eni dziko. Aliyense amene ali ndi m'bale kunja amene amaimba foni n'kumangoti zonse zili bwino aionere filimu imeneyi.

Ndipo apa ndipatuke pang'ono, chifukwa chimandiwawa. Ife tili ndi nkhani zoopsa zodzaza nkhokwe, koma tikamazijambula timathamangira utsi wa pa kompyuta ndi munthu wosanduka njoka, ngati kuti choopsa ndi ufitiwo. Rungano Nyoni, wobadwira konkuno ku Lusaka, anaona mbali ina. Mu I Am Not a Witch ya mu 2017, imene inapambana mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA, kamtsikana kotchedwa Shula kanenezedwa ufiti n'kukatayidwa kumsasa wa amayi okalamba omangidwa ndi maliboni oyera aatali kumsana kuti asauluke. Ambiri saiwerengera m'gulu la zoopsa, ndipo muli malo oseketsa. Koma kwa ine riboni loyera lija likugwedezeka ndi mphepo ndi chinthu choopsa kwambiri chimene ndinaonapo chojambulidwa m'dziko lino, chifukwa tonse tikudziwa agogo wina amene analozedwa chala. Ndi angati mwa anzako okusekawo amene anaionera?

Poyambira

Yamba ndi ya Romero, chifukwa ndi yaulere. Ogulitsa ake anaiwala kuikapo chizindikiro cha umwini, ndiye aliyense angaionere movomerezeka pa YouTube, ndipo siidya bandulo yambiri. His House ili pa Netflix. Ngati ukufuna yopanda mizimu, yongoika mtima m'mwamba, funa The Guilty ya ku Denmark ya mu 2018, ya Gustav Möller: wapolisi mmodzi m'chipinda cholandirira mafoni angozi, mayi akuimba ali m'galimoto, ndipo kamera siituluka m'nyumbamo mpaka kumapeto. Anaipanganso ku America mu 2021, koma yamba ndi yoyambayo. Vala mahedifoni, chifukwa theka la mafilimu amenewa lili m'makutu, ndipo foni uiike kutali. Lake Mungo uisunge mpaka tsiku limene uzaifuna.

Za amayi ako, usakangane nawo, ndipo usaonere pa TV ya pabalaza iwo ali pomwepo. Nyumba ndi yawo. Koma tsiku lina akamasenda nyemba kapena kutsuka mbale, khala nawo pafupi uwafunse nthano imene inkawaopsa kwambiri ali mwana, ndi amene ankawauza. Ngati avomera, tsegula chojambulira mawu pa foni. Ine funso limenelo ndinaliganiza mochedwa. Ukamva yankho lawo undilembere, ndikufuna kudziwa ngati kwawo nakonso kunali fisi wofunsira mbeta.