Foloko ya kaboni pamisewu ya ku Zomba kuno, mugule kapena ayi?

Achimwene ena a ku Matawale anditumizira imelo, akuti ali ndi njinga ya mpikisano ya felemu ya aluminiyamu koma foloko yake ndi yachitsulo, ndiye akapalasa kukafika ku Thondwe n'kubwerako manja amachita dzanzi. Aona wina akugulitsa foloko ya kaboni (carbon fibre, ulusi wolimba koma wopepuka womatidwa pamodzi) yogwirapo kale ntchito pa Facebook pamtengo wozizira, funso lawo ndi loti agule kapena ayi, nanga pogulapo ayang'ane chani.

Achimwene, ya pa Facebook ijayo isiyeni kaye. Foloko yachitsulo ikamenya dzenje imapindika, mumaona ndi maso kuti apa zavuta, mwina okonza njinga kumsika amatha kuiwongolako. Kaboni samapindika, amatha kung'aluka mkati kunja penti ali bwinobwino, ndiye tsiku lothyokalo amangothyoka osatsanzika. Tsopano taganizani mukutsika msewu wa Ku Chawe uja ndi makhona ake, kulemera konse kuli kutsogolo, mabuleki mwafinya, inuyo simukudziwa kuti mwini wake woyamba anagwa nayo kangati. Pali zoti mugogode ndi ndalama yachitsulo n'kumvetsera ngati pena pakulira mogontha, inde zimathandizako, koma ming'alu ina simungaimve. Ine ya munthu wosamudziwa sindingaike pa njinga yanga olo atandipatsa ulele. Chimodzimodzi zija zopanda dzina zotchipa kwambiri za pa intaneti.

Ngati mukufunabe kaboni gulani yatsopano ya kampani yodziwika, monga Ritchey kapena Columbus, koma musanatulutse ndalama zulani foloko yanuyo muyeze, chifukwa ambiri amagwa pompa, katundu amafika n'kupezeka kuti sakulowa. Paipi yolowa mu felemu ija, steerer, ilipo ya 1 inchi pa njinga zakale, ya 1 1/8 yomwe ndi mamilimita 28.6 ndipo ndi yofala kwambiri, komanso ina yotchedwa tapered yomwe pamwamba ndi 1 1/8 koma pansi imafutukuka mpaka 1 1/4 kapena 1 1/2. Tapered siingalowe mu felemu yakale ya paipi yowongoka, musavutike. Ngati yanu ili ndi mazinga pamwamba ndi nati yaikulu, dziwani kuti mugulanso hedi (mabelingi omwe foloko imazungulirapo) ndi sitemu (cholumikiza handulo ku foloko) zatsopano, ndalama ija yawonjezekera.

Kenako mabuleki ndi wilo. Ngati buleki yanu imagwira limu mukufuna foloko ya bowo pakati pamwambapo, ya disiki ilibe pomangira buleki yoteroyo. Wilo lakutsogolo la quick release, lija lomasula ndi dzanja popanda sipanala, ekiselo yake ndi ya mamilimita 9 x 100, mafoloko ambiri atsopano a disiki ndi a thru-axle, ekiselo yokhuthala yomangira mu foloko momwemo, ya 12 x 100, sizilowana.

Miyezo ina iwiri anthu amainyalanyaza. Kutalika kuchokera pa ekiselo kufika pomwe foloko yakumana ndi felemu kumakhala pafupifupi mamilimita 370 pa njinga zambiri za mpikisano, ndipo rake, kupendekera kutsogolo kuja, nthawi zambiri ndi mamilimita 43 kapena 45. Mukasiyana ndi yakale ndi mamilimita awiri atatu palibe vuto, koma mukaika yaitali kwambiri ngati ya njinga za gravel, zoyendera misewu yafumbi zija, kutsogolo kumakwera ndipo njinga imayamba kukhota mwaulesi.

Mafoloko a kaboni alipo mitundu iwiri, ina kaboni yekhayekha mpaka paipi yomwe, ina miyendo yokha ndiye ya kaboni paipi ndi aluminiyamu. Yoyambayo imapepuka, magalamu 300 mpaka 400, yachiwiriyo imasewera cha m'ma 500 kapena 600. Kwa ife kuno ine ndimati tengani ya paipi ya aluminiyamu. Magalamu 200 amenewo ndi ochepa kuposa theka la madzi a m'botolo lanu, pokwera phiri simungawamve n'komwe. Pomwe paipi ya kaboni ndi yovuta chisamaliro, simuikamo star nut, nati ija yomangira hedi yokhomera m'paipi ndi hamala, chifukwa imakanda n'kuswa mkati, pamafunika expander plug yomwe imafutukuka n'kugwira mkati mukamanga bawuti, mabawuti a sitemu amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu cha pa 5 Nm kapena monga alembera pa sitemupo, masipesa pansi pa sitemu asapitirire mamilimita 30 mpaka 40, podula pamafunika sowo ya mano ang'onoang'ono ndipo fumbi lake si lopuma. Amakaniko athu ndi akatswiri pa njinga za kabaza, sindikuwanyoza ayi, koma dzanja lozolowera kumanga mpaka bawuti ilire likhoza kuphwanya paipi ya kaboni tsiku loyamba lomwelo.

Tsono za dzanzilo, apa ndiye ndikufuna mundimvetse. Kaboni amachepetsako kunjenjemera kwa tala wokhakhala, ndi zoona, koma maenje ndi mahampu a mumsewu wa M3 uwu sangawameze. Chomwe chimasintha kwambiri ndi tayala. Ngati mukuyendera la mamilimita 23 m'lifupi lopopa mpaka gwa, manja azipweteka basi kaya foloko ndi ya chani. Ndiye pogula funsani kuti imalola tayala lalikulu bwanji, mafoloko akale ambiri amathera pa 25, inu funani yolola 28, ndipo onaninso ngati buleki yanu ndi felemu kumbuyoko zikupereka mpata umenewo.

Musanagule chilichonse yesani kaye izi ndi foloko yachitsulo yomweyo, ikani tayala la 28 ngati likukwana, chepetsaniko mpweya pang'ono, kulungani tepi yokhuthala pa handulo, ndipo onani ngati chishalo sichinaweramire kutsogolo chifukwa chikatero thupi lonse limatsamira m'manja. Kapalaseninso ulendo wa ku Thondwe womwewo, dzanzi likapitirira mundilemberenso ndi miyezo ija komanso chithunzi cha hedi yanu.