Chifukwa chake boma limathamangira matenda ena n'kumachedwa ndi ena

Mayi, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani boma linathamangira kolera pomwe kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, amene akutha anthu kumudzi ndi m'tauni momwe, sakumveka kwenikweni pakamwa pa atsogoleri, ndiponso kuti ndani amasankha matenda oyamba kulimbana nawo. Kuchuluka kwa maliro pakokha sikulowetsa nkhani m'ndondomeko za boma. Pamafunika kuti odwala awerengedwe, papezeke owalankhulira poyera, ndipo thandizo lake likhale lodziwika ndi loti ndalama zake zingapezeke.

Mbiri ya Edzi m'dziko muno ikuonetsa bwino zimenezi. Munthu woyamba kupezeka ndi kachilombo ka HIV ku Malawi anadziwika mu 1985, koma m'nthawi ya Kamuzu Banda nkhani zokhudza kugonana sizinkakambidwa pagulu, ndipo pamaliro ankangolengeza kuti malemu adwala nthawi yaitali. Aphunzitsi, anamwino ndi asilikali ankamwalira, boma linkaona, koma ngakhale ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, wodwala wosauka analibe poti n'kupeza mankhwala. Chifukwa chachikulu chinali mtengo, pakuti ma ARV a munthu mmodzi ankapitirira madola 10,000 pachaka, ndipo wandale sakonda kukweza mawu pa vuto limene alibe nalo yankho. Zinthu zinatembenuka mu 2001 pamene kampani ya ku India ya Cipla inalengeza kuti idzagulitsa mankhwalawo pa madola 350 pachaka. Chaka chomwecho bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa, ndipo madokotala a bungwe lothandiza odwala lochokera kunja la MSF anayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu, n'kuonetsa kuti munthu wakumudzi akhoza kumwa mankhwala mwandondomeko popanda chipatala chapamwamba. Thumba la Global Fund, lothandiza mayiko kulimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, linatsegulidwa mu 2002, ndipo mu 2004 Pulezidenti Bakili Muluzi, pokhazikitsa mfundo za dziko zolimbana ndi Edzi, ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi matendawa. M'chaka chimenecho ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma. Tisaiwalenso anthu a m'bungwe la NAPHAM, la anthu amene ali ndi HIV, amene anaulula kuti ali ndi kachilombo nthawi imene kutero kunkachotsetsa munthu ntchito ndi kumuthetsera banja. Popanda iwowo nkhaniyi ikanakhala ya manambala okhaokha.

Si nthawi zonse pamene maganizo amachokera kunja. Mu 2011 akatswiri a Unduna wa Zaumoyo, poona kuti makina oyezera chitetezo cha m'thupi ndi ochepa, anaganiza zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo aziyamba ma ARV nthawi yomweyo mpaka moyo wake wonse. Njira imeneyi, yotchedwa Option B+, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linadzailimbikitsa ku mayiko ena pambuyo pake.

Kolera nayo inalowa pa khomo lina, la mantha. Mliri unayamba mu March 2022 ku Machinga madzi atasefukira, koma Pulezidenti Lazarus Chakwera anaulengeza kuti ndi ngozi yokhudza umoyo wa dziko mu December, utafalikira kale m'maboma ambiri. Mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mu February kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa. Anthu oposa 1,700 anamwalira. Kolera imapha m'maola ochepa, odwala amagona m'matenti pamaso pa atolankhani, ndipo undunawo unkatulutsa chiwerengero tsiku ndi tsiku. Chimene chimandiwawa n'chakuti mliri ukazilala, nkhani ya madzi aukhondo ndi zimbudzi, imene ndiyo gwero lake, imazilala nawo limodzi.

Tsono ganizirani za agogo amene afa ziwalo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Amafera kunyumba, ambiri sanayezedwepo, imfa yawo silembedwa ndi chifukwa chake chenicheni, ndipo palibe thumba lalikulu la mayiko akunja limene likudikira ndi ndalama monga zilili ndi Edzi, TB ndi malungo. Poti gawo lalikulu la ndalama za umoyo m'dziko muno limachokera kwa abwenzi akunja, zofuna zawo zimalemera kwambiri pa tebulo. Mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma dziko lathu lakhala likuperewera pa mlingo umenewu zaka zambiri.

Ngati mukufuna kuti matenda amene mwatchulawo amveke, yambani ndi chiwerengero cha odwala pa chipatala cha kwanu ndi masiku amene mankhwala anasowa, mupite nacho ku komiti ya chipatala, ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) ndi ku khonsolo, kenako kwa phungu wanu kuti chikafike ku komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo. Nthawi yabwino ndi pamene Unduna wa Zachuma ukumva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe, ndipo pempho lanu likhale lotchula chinthu chenicheni, monga makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi mankhwala osadukiza pa chipatala chaching'ono chilichonse.